Mango anga anyala osapsa: chalakwika n'chiyani?

Mayi wina watitumizira imelo: anathyola mango obiriwira poopa kuti agwa ndi mphepo, nawavundika mlungu wathunthu. Ena anyala n'kukhala owawasa, ena achita madontho akuda. Akufunsa chalakwika.

Mayi, mwina mwawathyola asanakhwime. Kukhwima ndi kupsa n'zosiyana. Bango limakhwimira pamtengo pokha. Likatero limatha kupsa lili m'nyumba, chifukwa ufa umene launjika m'kati umasanduka shuga. Lanthete ufawo lilibe wokwanira, ndiye limangofewa ndi kukwinyika, osatsekemera.

Kuchokera pamene mtengo wachita maluwa, mango ambiri amakhwima pakatha masiku 100 mpaka 150. Musadalire mtundu wa khungu: mango otchedwa Tommy Atkins amafiira asanakhwime, otchedwa Keitt amakhala wobiriwirabe ngakhale atapsa. Yang'anani mapewa, ndiko kuti mbali zam'mwamba za bango pafupi ndi kamtengo kake. Bango lokhwima mapewa ake amadzaza n'kufika kapena kupitirira pamene pamera kamtengo kake, ndipo masaya amanenepa. Dulani awiri kapena atatu: mnofu wapafupi ndi njere ukhale utayamba chikasu. Ukakhala woyera, dikirani masiku ena.

Madontho aja ali pawiri. Ena ndi utomoni, umene umawotcha khungu. Pothyola siyani kamtengo ka masentimita 5 mpaka 10, kenako mukafupikitse n'kuzondotsa bangolo pamthunzi kwa theka la ola kuti utomoni udonthere pansi. Koma madontho omwe akukula bango likamafewa ndi anthracnose, kafangasi amene amalowa chipatso chili pamtengo n'kubisala mpaka chitayamba kupsa. Kuviika mango m'madzi a madigiri 52 a Celsius kwa mphindi 5 tsiku lothyola lomwelo kumachepetsa vutoli. Apa musayerekeze ndi chala, pafunika choyezera kutentha, poti madzi akatentha kwambiri amawaula khungu.

Povundika, malo a madigiri 20 mpaka 22 ndi abwino. Kukapitirira 30 amapsa mawangamawanga. Ikani m'katoni, osati m'pulasitiki yomanga, ndipo nthochi imodzi yakupsa imafulumizitsa chifukwa cha mpweya wa ethylene umene imatulutsa. Calcium carbide, mankhwala amene ena amapsetsera zipatso, chonde musayese n'komwe, ndi woopsa kwa wodya.

Mango osapsa musaike m'furiji. Pansi pa madigiri 10 khungu limatuwa n'kuchita timaenje, ndipo fungo lake lokoma silibweranso. Akapsa ndiye mungawaikemo masiku osapitirira asanu.