Kanyale ka galimoto yotsetsereka kakukana kuzima: ndiyambire pati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa awerengi athu, ndipo ndaona kuti ndiyankhire pano poyera chifukwa vuto lakeli limasowetsa mtendere anthu ambiri. Mwachidule walemba motere:

"Ndili ndi Toyota. Makanika anandisinthira bering'i ya tayala lakutsogolo kumanzere chifukwa inkalira, kenako ndinakachititsa alayimenti. Chichokereni kumeneko, padashibodi pakuyaka kanyale kachikasu kokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi timizere tiwiri tokhotakhota kunsi kwake. Ka ABS nakonso kakuyaka. Galimoto ikuyenda bwinobwino, mabuleki akugwira. Makanika wina akuti pampu ya ABS yafa, wina akuti tingochotsa babu. Nditani?"

Zikomo achimwene chifukwa cholemba, komanso chifukwa chotchula ntchito imene inagwiridwa kanyaleko kasanayake, pakuti mwandipatsa kale theka la yankho. Musalole kuti achotse babu, ndipo pampu musagule kaye. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, ine ndikukayikira kwambiri tayala lakumanzere lomwe linamasulidwalo. Koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake, kuti mukakafika kugalaja muzikalankhula ngati munthu wodziwa chimene akufuna.

Kanyale kameneka ndi ka makina othandiza kuti galimoto isatsetsereke n'kuchoka mumsewu. Kampani iliyonse inawapatsa dzina lake. A Toyota amati VSC, a Honda VSA, a Nissan ndi Subaru VDC, a BMW ndi Mazda DSC, pamene Mercedes-Benz ndi Volkswagen amati ESP. Ntchito yake ndi imodzi. Makinawa anayamba kuoneka m'chaka cha 1995, pamene Bosch ndi Mercedes-Benz anawaika m'galimoto yodula ya S-Class, ndipo Toyota inatulutsa ake chaka chomwecho mu Crown Majesta. Chimene chinawatchukitsa ndi zimene zinachitika ku Sweden mu 1997: kagalimoto katsopano ka Mercedes A-Class kanagubuduzika pomwe atolankhani ankakayesa mmene kangazembere chinthu chotulukira mwadzidzidzi pamsewu. Kampaniyo inakakamizika kukakonzanso n'kuika ESP m'magalimoto onse a mtunduwo. Ku America lamulo limafuna makinawa m'magalimoto ang'onoang'ono onse atsopano kuyambira a chaka cha 2012, ndipo ku European Union kuyambira November 2014. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, la NHTSA, pokhazikitsa lamulo lake linawerengera kuti makinawa amachepetsa ngozi zimene galimoto imachita payokha ndi 34 peresenti pa magalimoto ang'onoang'ono ndi 59 peresenti pa magalimoto akuluakulu okwera m'mwamba otchedwa ma SUV. N'chifukwa chake mawu akuti "tingochotsa babu" amandipweteka mtima. Babu ikachoka vuto limatsala, ndipo amene adzagule kapena kubwereka galimotoyo sadzadziwa kuti ilibe chitetezo chimene akuganiza kuti ili nacho.

Makinawa amagwira ntchito poyerekeza zinthu ziwiri nthawi zonse: kumene inu mukufuna kupita, ndi kumene galimoto ikupitadi. Kumene mukufuna kupita amakudziwira pa sensa imene ili kuseri kwa chiwongolero, yoyeza mmene mwachipotolera. Kumene galimoto ikupitadi amakudziwira pa masensa anayi oyeza liwiro la tayala lililonse, omwe ndi a ABS omwewo (ABS ndi makina oletsa matayala kumangika n'kukwekwereka mukaponda buleki mwamphamvu), ndi pa kabokosi kena komwe nthawi zambiri kamakhala pakatikati pa galimoto, pansi pa mpando kapena pafupi ndi giya, koyeza mmene galimoto ikutembenukira ndiponso mphamvu imene ikuikankhira cham'mbali. Ziwirizi zikasemphana, kompyuta imamanga buleki ya tayala limodzi lokha n'kuchepetsa mphamvu ya injini. Mukakhota koma galimoto n'kumangopita chamutu, imamanga tayala lakumbuyo la mkati mwa kona. Kumbuyo kukayamba kuponyeka, imamanga lakutsogolo la kunja kwa kona. Phazi la munthu silingachite zimenezi, chifukwa pedulo ndi imodzi ndipo imamanga matayala onse pamodzi.

Kompyutayi ili ngati woweruza amene amadalira mboni. Mboni imodzi ikangokhala chete, kapena ikanena zosemphana ndi anzake onse, woweruza amaimitsa mlandu m'malo mogamula molakwa. Kumanga tayala lolakwika pa liwiro lalikulu kungakugwetsereni m'ngalande, choncho kompyuta ikakayikira sensa iliyonse imadzizimitsa n'kuyatsa kanyale kuti mudziwe. Nthawi zambiri kanyaleko kamayaka chifukwa uthenga wina sukufika bwino, pampu ili bwinobwino.

Choyamba onani mmene kakuyakira. Mukatembenuza kiyi, kamayaka masekondi ochepa n'kuzima, ndipo kameneko ndi kudziyesa chabe. Kakamathwanima mukudutsa pamatope, pamchenga kapena pokhota mvula ikugwa, ndiye kuti makina akugwira ntchito nthawi yomweyo, matayala akuterereka, chepetsani moto. Vuto ndi pamene kayaka osazima. Apo yambani mwaona batani lozimitsira, lomwe limakhala ndi chithunzi chomwecho ndi mawu akuti OFF. Bondo kapena mwana akhoza kulidina osadziwa. M'magalimoto ambiri makinawa amadziyatsanso okha mukazimitsa injini n'kuilizanso.

Kenako onani nyale zimene zayaka limodzi nako, pakuti zimenezi zimakulozerani kolowera. Kakayaka kokha, kawirikawiri nkhani imakhala ku sensa ya chiwongolero, ku kabokosi kapakati kaja, kapena kuti masensawa sanaphunzitsidwenso poyambira pake. Kakayaka pamodzi ndi nyale ya injini, makamaka pa Toyota, musathamangire kumabuleki. Kompyuta ya injini ikapeza vuto, ngakhale la koilo kapena sensa ya utsi, VSC imazimitsidwa dala chifukwa imadalira injini kuti ichepetse mphamvu. Mukakonza injini, zonse zimazima pamodzi. Kakayaka ndi ka ABS, monga zilili kwa inu, ndiye kuti chasokonekera ndi chinthu chimene makina awiriwa amagawana: masensa a m'matayala, mawaya ake, magetsi, kapena bokosi la ABS lenilenilo. Ndipo ngati nyale yofiira ya mabuleki yayakanso handibuleki ili yotsitsa, imani, onani mafuta a mabuleki, ndipo musapitirize ulendo mpaka mutadziwa chifukwa chake.

Tsopano tibwere pa tayala lanu. Sensa ya liwiro imakhala pa habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, yomangidwa ndi kabawuti kamodzi, ndipo nsonga yake imayang'anizana ndi mkombero umene umazungulira limodzi ndi tayala. M'magalimoto ena mkomberowo ndi wachitsulo wa mano, wokhala pa CV joint, polumikizira shafuti yozungulitsa tayala. M'magalimoto ambiri atsopano ulibe mano ooneka ndi maso: ndi timaginito tobisika mu labala yotseka mbali imodzi ya bering'i. Apa ndi pamene pamachitikira zambiri. Bering'i yotere ikapanikizidwa mu habu chagada, mbali ya maginito n'kuyang'ana kunja, sensa siiwerenga kanthu ngakhale kuti tayala likuzungulira bwino ndipo phokoso latha. Mbali ziwirizo zimafanana kwambiri poziyang'ana. Wodziwa ntchito amagunditsa kawaya kopanira mapepala pa labala ya mbali zonse asanaike. Mbali imene kawayako kakumata ndiyo iyenera kuyang'ana ku sensa. Palinso mabering'i otchipa amene kukula kwake n'kofanana ndi oyenera koma alibe maginito n'komwe. Zikakhala choncho palibe kuchitira mwina, pafunika bering'i ina, chifukwa yoikidwa kale imawonongeka poitulutsa.

Mwinanso bering'i ili bwino koma sensa inavulala pa ntchitoyo. Pemphani kuti akweze galimoto pa jeke, achotse tayala, muyang'ane limodzi. Tsatirani kawaya kuchokera pa habu mpaka pa pulagi yake mkati mwa madigadi. Onani ngati pulagiyo inalowa mpaka kumveka kuti "tha", ngati waya anabwezeretsedwa mu timabulaketi take, ndiponso ngati sanakokeke. Habu ikasiyidwa ikulendewera pomwe akugwira ntchito, waya amaduka mkati chikopa chake chikuoneka chabwino. Waya amene sanamangidwe amakhuzana ndi tayala mukakhota mpaka kuperepeseka. Masulani sensayo muone nsonga: ikhoza kukhala yosweka ndi hamala, yokutidwa ndi girisi ndi tizitsulo tating'onoting'ono, kapena yosakhala pansi bwino chifukwa cha dzimbiri lomwe laikweza pang'ono. Kampata kochepa chabe kowonjezereka n'kokwanira kuti uthenga uzisowa, makamaka pa liwiro lotsika. Ngati ndi mkombero wa mano, zungulitsani pang'onopang'ono muone ngati palibe dzino lothyoka kapena mng'alu.

Chenjezo limodzi kwa amene amakonda kuyeza ndi mita. Masensa akale, opanga okha magetsi tayala likamazungulira, amayezeka kukana kwake kwa magetsi, ndipo mukhoza kuyerekeza lakumanzere ndi lakumanja. Masensa atsopano owerenga timaginito amalandira magetsi kuchokera ku kompyuta, ndipo kuwayeza mwanjira imeneyo sikukuuzani zoona. Ambiri ataya masensa abwino chifukwa cha zimenezi.

Njira yosataya nthawi ndi kuika galimoto pa kompyuta, koma kompyuta yake ikhale yoyenera. Timakina tating'ono totchipa ta OBD2 timawerenga za injini zokha, makodi (manambala osonyeza vuto) oyamba ndi P, ndipo tikhoza kukuuzani kuti palibe vuto nyale zikuyaka pamaso panu. Pafunika makina olowa mu bokosi la ABS, momwe makodi ake ambiri amayamba ndi C. Pa Toyota, C1201 imatanthauza kuti gwero lili ku injini, C1241 imanena za magetsi ochepa ofika ku bokosilo, ndipo C1210 imanena kuti sensa yoyeza kutembenuka kwa galimoto sinaphunzitsidwe poyambira pake. Lembani makodi onse papepala asanawafufute. Kuwafufuta musanawalembe n'kutaya umboni, ndipo nyale idzabweranso.

Nambala ya vuto payokha siuza munthu kuti agule chiyani. Ikati sensa yakutsogolo kumanzere, ikutanthauza njira yonse: mkombero, sensa, waya, pulagi, mpaka pa bokosi. Choncho pemphani kuti aonetse manambala amene masensa akutumiza galimoto ikuyenda. Wina ayendetse, inu mugwire makinawo. Pamsewu wowongoka, pa makilomita 30 pa ola, matayala onse anayi ayenera kuonetsa nambala yofanana kapena yoyandikana kwambiri. Mukaona atatu akuti 30 koma limodzi likuti 0, kapena likudumphadumpha pakati pa 30 ndi 12, mwapeza pamene pali vuto. Likangokhala pa 0 osasuntha pambuyo posintha bering'i, ganizirani bering'i yotembenuzidwa, pulagi yosalumikiza kapena waya woduka. Likamasowa pokhapokha mwakhota kapena mwagunda bampu, ndi waya amene akuduka n'kulumikizanso.

Pa makina omwewo onaninso nambala ya chiwongolero, chifukwa mwatchula alayimenti. Matayala akayang'ana kutsogolo, iyenera kukhala pa 0 kapena pafupi kwambiri. Ngati ochita alayimenti anasiya chiwongolero chitapendekeka, kapena anasintha zambiri koma osaphunzitsanso sensa, kompyuta imaona ngati mukukhota pomwe galimoto ikupita molunjika. Nthawi zina imayamba kumanga tayala limodzi popanda chifukwa pakona wamba, zimene zimaopsa kwambiri. Pa Toyota, kuphunzitsanso kumeneku amakutcha zero point calibration, ndipo kumachitika galimoto itaima pamalo athyathyathya, chiwongolero chili chowongoka, popanda woigwedeza. N'zotheka ndithu kuti muli ndi mavuto awiri pamodzi, la bering'i ndi la alayimenti, moti mukakonza loyamba ka ABS n'kuzima koma kachikasu kena kaja n'kutsala. Zikatero musadabwe.

Kwa awerengi ena amene galimoto yawo sinagwiridwe posachedwa, pali zinthu zosavuta zoyamba kuona. Batire yofooka imayatsa nyale zimenezi kawirikawiri, makamaka poliza injini m'mawa. Batire yabwino imaonetsa mavoliti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira. Matemino omasuka kapena a dzimbiri amachita chimodzimodzi. Matayala osiyana saizi, kapena limodzi lochepa mpweya kwambiri, amazungulira pa liwiro losiyana ndipo kompyuta imasokonezeka. Kaswichi ka pa pedulo ya buleki nakonso kamavutitsa. Wina aime kumbuyo aone ngati nyale za mabuleki zikuyaka mukaponda ndi kuzima mukachotsa phazi. Onaninso mafyuzi a ABS. Ngati huta, mabatani a pachiwongolero kapena nyale ya airbag zayamba kuvuta nthawi imodzi ndi kanyaleka, vuto likhoza kukhala pa kariboni ka mawaya kozungulira kuseri kwa chiwongolero, pomwe sensa ija imakhalanso m'magalimoto ambiri.

Pampu ndi bokosi la ABS zimafa ndithu, sindikukana. Koma zimenezi zimatchulidwa pomaliza, masensa onse ataoneka kuti akutumiza uthenga wabwino, magetsi ndi waya wa ethi zitayezedwa pa pulagi ya bokosilo, ndipo kodi ikuloza mkati mwake kapena makina akulephera kulankhula nalo. Pampu imene inali bwino mpaka tsiku losintha bering'i sindikhulupirira kuti inangofa tsiku lomwelo. Makanika amene akuti yafa mumufunse mwaulemu kuti wapeza kodi iti, ndipo matayala anayi akuonetsa liwiro lanji.

Pa funso loti mungayendebe nayo: inde, mabuleki wamba akugwira, koma pakali pano mulibe ABS ndiponso mulibe VSC. Mukaponda buleki mwamphamvu matayala akhoza kumangika n'kukwekwereka, chiwongolero n'kusiya kumvera. Chepetsani liwiro, siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, ndipo ulendo wautali wa nthawi ya mvula kapena wa msewu wa miyala uyambe wadikira. Bwererani kwa amene anaika bering'i, mutatenga pepala la makodi, mukamupemphe kuti atsegule tayala lakumanzerelo inu muli pomwepo. Ngati bokosi limene bering'iyo inabweramo likadalipo, tengani nambala yake muyerekeze ndi imene galimoto yanu imafuna.