Intaneti ya m'ndege pa ulendo wa ku London

Bambo, mwafunsa ngati mungathe kuchita msonkhano wa pa Zoom (pulogalamu yoyankhulana mukuonana pa intaneti) muli m'ndege pa ulendo wanu wa ku London. Intaneti imapezeka m'ndege zambiri za maulendo ataliatali, koma musaidalire pa msonkhano wa pa Zoom umene mwatchulawo. Qatar Airways inayamba kupereka intaneti yaulere ya Starlink (yodutsira pa setilaiti) m'ndege zake za Boeing 777 mu 2024, pamene Ethiopian Airlines imalipiritsa ndi madola malinga ndi nthawi imene mwasankha. Pa intaneti yolipira imene ndinagwiritsapo ntchito, mauthenga a WhatsApp ankapita bwinobwino, koma chithunzi chimodzi chinkangozungulira kwa mphindi zingapo, ndipo anthu atadzuka kudzadya inkadukaduka. Musanagule tikiti, funsani kampani ya ndegeyo mtundu wa ndege imene mudzakwere, komanso funsani banki yanu ngati khadi lanu likuloledwa kulipira ndi ndalama zakunja.