Kwa wophunzira unamwino amene anangoti duu anzake akuseka wodwala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachiwiri pa sukulu ya unamwino kuno ku Zomba. Wandilola kuti ndimuyankhe poyera, bola ndisatchule dzina lake, sukulu yake kapena chipatala chomwe zinachitikira. Analemba chonchi:

"Amayi, tili kuwodi kunagonekedwa mnyamata wa zilonda kotulukira chimbudzi. Atauza anamwino kuti amagonana ndi amuna anzake, nkhani inafala wodi yonse. Anzanga ankasinthana kukamusuzumira, wina anakaniratu kumugwira. Ine sindinaseke, koma sindinanenenso kanthu. Ndimayimba kwaya kutchalitchi kwathu. Kodi ndikamusamalira bwino munthu wotereyu ndiye kuti ndavomereza zomwe amachita? Nanga poti malamulo amaletsa, ndikamusungira chinsinsi sindingapezeke pa mlandu?"

Mwananga, wachita bwino kufunsa. Zoti nkhaniyi yakusowetsa tulo zandiuza kale kuti mtima wa unamwino uli nawo.

Ndiyambe ndi za malamulo, poti mantha a ophunzira ambiri amabisala pamenepo. Ndi zoona kuti magawo 153, 154 ndi 156 a Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, ndipo chilango chimatha kufika zaka 14. Mu 2011 anawonjezera gawo 137A lokhudza akazi okhaokha, la zaka 5. Ambiri tikukumbukira za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe khoti linawagamula zaka 14 mu 2010, kenako pulezidenti Bingu wa Mutharika n'kuwakhululukira patangopita masiku ochepa, Ban Ki-moon, yemwe panthawiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, atabwera m'dziko muno. Mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa magawo amenewa. Ndiye inde, malamulowo alipo.

Koma malamulowo sanakupatse iwe ntchito ya upolisi. Satuma namwino kukanenera wodwala, ndipo kutsuka bala la munthu si mlandu. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 19, 20 ndi 21, amateteza ulemu wa munthu, amaletsa tsankho la mtundu uliwonse, ndiponso amateteza chinsinsi chake. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a munthu mwachisawawa. Ngakhale ndondomeko ya dziko lino yolimbana ndi Edzi imatchula amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu lofunika kulifikira ndi chithandizo. Amene akusewera ndi ntchito yake ndi uja wofalitsa nkhani za wodwala m'makonde, chifukwa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, komwe nonse mudzalembetse mukamaliza, lili ndi mphamvu zolanga namwino wophwanya mwambo wa ntchito.

Tsopano ndikuuze zomwe ndinachita ine, zaka zambiri zapitazo, pa chipatala china. Kunali m'mawa, benchi itadzaza, amayi a ana kumsana ali ndandanda mpaka panja. Kunalowa mnyamata wovala malaya ositidwa bwino, buku lake la kuchipatala atalipinda m'manja. Anati akumva m'mimba. Ndinaona momwe anakhalira pampando, mopendekera mbali imodzi, ndipo ndinaganizira matenda opatsirana pogonana. Ndinamufunsa mokweza, katani asanafike n'kukhoma komwe: "Akazi anu alipo? Abwere nawonso alandire mankhwala." Anati alibe mkazi. Ndinati nanga chibwenzi, mtsikanayo ali kuti? Anayang'ana kukhomo, n'kuyang'ana pansi, n'kunena kuti ndi m'mimba basi. Ndinalemba zam'mimbazo, ndinaitana wotsatira.

Anabweranso patapita miyezi ingapo, atachita kugwiriziridwa ndi mayi ake, atawonda, mafinya akutuluka. Mayiwo ankagona pansi pafupi ndi bedi, ndi kabeseni kawo ndi fulasiki ya phala. Usiku wina ndili pa ntchito, ndikumusintha nsalu, anandizindikira. Anandiuza chapansipansi kuti, "Asisita, tsiku lija ndinkafuna kunena, koma munali mutayamba kale kulemba."

Sindinamutukwane mnyamata uja, sindinamuseke, koma mafunso anga anamutsekera pakamwa. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iye chitseko anatsekula, anayenda yekha kudzafika pamaso panga, ali ndi mantha omwe ine sindinawadziwe, ndipo ndinamubweza ndi mankhwala olakwika. Mwamwayi anachira, anayamba ma ARV, ndipo mpaka lero tikakumana mumsika timapatsana moni. Nanga amene amachita kusuzumiridwa ndi gulu la ophunzira ovala zoyera, ukuganiza kuti akadzadwalanso adzabwera? Adzakagula makapisozi pa golosale, adzamwa theka, adzadikira mpaka zitafika poipa. Akauzanso anzake kuti kumeneko musayerekeze.

Za chikhulupiriro chako sindikuuza kuti usinthe. Inenso ndine wopemphera, ndipo ndikudziwa zomwe zimalalikidwa pa nkhaniyi; tonse tinaona atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu akuyenda m'misewu mu July 2023. Koma taganizira anthu omwe wawagwira kale ndi manja akowo. Bambo woledzera amene wavulala pomenya mkazi wake, unamusoka. Akaidi ochokera kundende ya Zomba amabwera kuchipatala ndi owalondera, ndipo palibe namwino amene amayamba wafunsa mlandu wawo asanawayeze kutentha kwa thupi. Mtsikana wotaya magazi atachotsa mimba timamuthamangira. Palibe anakuuzapo kuti pochita zimenezi wavomereza kumenya akazi kapena kuba. N'chifukwa chiyani funso la kuvomerezali limadzuka pa wodwala mmodzi yekhayu? Ndipo usandimve molakwa, sindikumuika mnyamatayo m'gulu la ovulaza anzawo. Iye sanapweteke munthu. Anangonena zoona kwa anthu omwe anawakhulupirira. Msamariya wa m'fanizo lija sanafunse mbiri ya munthu wogona m'mbali mwa msewu, anangotulutsa mafuta ndi vinyo.

Ophunzira ena amaganizabe kuti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha ndi matenda a misala oyenera kupita nawo ku Zomba Mental Hospital. Ayi. Bungwe la WHO linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990, ambiri a inu musanabadwe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kusekako nthawi zambiri kumabisa umbuli. Wophunzira sadziwa chofunsa, manyazi amugwira, ndiye amathawira ku nthabwala. Funso lake ndi losavuta, ndipo uzilifunsa kwa aliyense, ndi mawu omwe umafunsira za chifuwa: "Anthu amene mumagonana nawo ndi amuna, akazi, kapena onse?" Ukafunsa aliyense, palibe amene amamva kuti walozedwa chala. Ukamva yankho, nkhope yako isasinthe, cholembera chisaime. Dziwa kuti chinzonono chimatha kukhala kotulukira chimbudzi kapena kukhosi, chilonda cha chindoko chimabisalanso komweko osapweteka, ndipo ngati sunafunse sudzayang'ana. Uza wodwala kuti Vaseline ndi mafuta ophikira amang'ambitsa kondomu, pamafunika mafuta oterera opangidwira zimenezo. Muuze za PrEP, mankhwala oteteza munthu kuti asatenge HIV, ngati alibe kachilombo, ndi za PEP, mankhwala omwa munthu akaganiza kuti wakumana ndi kachilomboka, yomwe iyenera kuyambidwa maola 72 asanathe ngati kondomu inang'ambika kapena anagwiriridwa. Mayi amene amagonana ndi akazi anzake ayezetsebe khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikutha amayi ambiri m'dziko muno. Asakupusitse wina kuti iyeyo sizimukhudza.

Samalanso zomwe ukulemba m'buku la kuchipatala. Bukulo limapita kunyumba, limagwiridwa ndi amalume, ndi mkazi, ndi ana. Lemba zofunika pa chithandizo. Ndi polandirana ntchito, nena za bala, za mankhwala, za kutentha kwa thupi. Zina zonse n'zake mwiniwake. Ukakumana ndi wodwala amene zovala zake ndi dzina la m'buku sizikugwirizana, mufunse mwaulemu kuti umuitane ndani, m'malo mofuula dzina la m'buku pagulu kuti benchi yonse itembenuke.

Za anzakowo ndinene mosabisa: ambiri sanatengere khalidweli m'kalasi. Analiona kwa ife akuluakulu. Wophunzira amayang'ana asisita. Akaona avala magulovesi awiri pongofuna kugwira mkono wa wodwala, kapena akutsinana ndi mnzawo, amadziwa kuti apa m'pololedwa kuseka. Mawu aja oti "mathanyula" ndawamva akutchulidwa ndi anthu ovala yunifomu, wodwala ali pomwepo, ndipo ndimamva chisoni ndikakumbukira masiku omwe inenso ndinangokhala chete ngati iwe. Aphunzitsi anzanga amene mukuwerenga, kaya muli ku Zomba kuno, ku Malosa kapena ku Lilongwe, nkhaniyi tiziiphunzitsa poyera, ophunzira aziyeserera kufunsa mafunsowa mpaka manyazi atha. Tikaidumpha, amakaiphunzira kukhonde.

Sindikukutuma kuti ukakangane ndi kalasi yonse, ndipo ndikudziwa mantha ako: ukamuikira kumbuyo wodwalayo adzati nawenso ndiwe yemweyo. Sipafunika ulaliki. Mnzako akati tiye tikamuone, umuyankhe kuti, "Amene uja ndi wodwala wathu, tiyeni timusiye apume." Ukaona kuti chinsinsi chaululidwa kapena wina wakana kupereka chithandizo, kauze mphunzitsi amene amakuyang'anirani kuwodi, pambali. Udzadabwa kuti m'gulu lomwelo muli ena awiri kapena atatu omwe nawonso sanagone bwino usiku umenewo, ankangodikira wina ayambe.

Lolemba ukalowa, ngati mnyamatayo akadali pabedi paja, pempha asisita kuti zilonda zake utsuke ndiwe. Koka katani mpaka kukhoma, umupatse moni, umuuze dzina lako, umufotokozere chomwe ukufuna kuchita usanamugwire. Umufunsenso ngati pali amene akumubweretsera chakudya, chifukwa odwala ngati iyeyu nthawi zina achibale amawathawa. Ngati anatuluka kale, funsa tsiku lomwe anauzidwa kuti adzabwerenso, ndipo undilembere undiuze ngati anabwera.