Masitampa a mizere iwiri yakuda aja musawataye

Mayi, pepani ndi maliro a agogo. Mwafunsa za masitampa amene mwawapeza m'sutikesi mwawo, a mutu wa Mfumukazi Elizabeth koma odulidwa ndi mizere iwiri yakuda yochokera pamwamba kufika pansi, ngati ndi owonongeka kapena angagulitsidwe. Ndaona ena pagulu lathu pano akuti ana anawalemba ndi bolopeni. Ayi, musafulumire kuwaponya pamoto.

Choyamba yang'anani ngati pali dzina la dziko. Masitampa akwathu kuno, kuyambira 1925 Chipata ikadali Fort Jameson, ankalembedwa Northern Rhodesia, kenako Rhodesia & Nyasaland m'nthawi ya chitaganya, ndipo kuyambira 1964 Zambia. Pa chithunzi mwatumizacho palibe dzina lililonse, mutu wokha ndi mtengo. Amenewo ndi a ku Britain, dziko limene silimalemba dzina lake pa sitampa.

Mizereyo inasindikizidwa dala. Positi ofesi ya ku Britain inali ndi masukulu ophunzitsa makalaliki a pakauntala. Wophunzira ankakhala kuseri kwa kauntala yongoyerekeza, mnzake n'kubwera ngati kasitomala ndi phasulo kapena kalata yolembetsa. Wophunzirayo ayeze pasikelo, awerengere mtengo, ang'ambe masitampa, amate, adinde chidindo, madzulo ndalama zigwirizane ndi masitampa otsala m'buku. Tsono sitampa ndi ndalama. Mukapatsa anyamata ndi atsikana ongolembedwa kumene mapepala athunthu a masitampa abwinobwino, ena angalowe m'thumba. N'chifukwa chake ankawadula ndi mizere kuti asagwirenso ntchito pa kalata yeniyeni. Ku France ankachita zomwezo koma ndi mawu: mu 1911 anadindapo ANNULÉ (kutanthauza kuti yathetsedwa), pambuyo pake SPÉCIMEN (chitsanzo), mpaka anayamba kusindikiza ongophunzitsira okhaokha olembedwa kuti alibe mtengo. A ku Britain nawo anapanga ena ophunzitsira pokonzekera kusintha ndalama mu 1971, monga ife tinasiyira mapaundi ndi mashileni n'kuyamba kwacha ndi ngwee mu 1968.

Musawasokoneze ndi a Northern Rhodesia olembedwa kapena oboola timabowo toti SPECIMEN. Amenewo anali zitsanzo zotumizidwa ku bungwe la mapositi a dziko lonse ku Bern, nkhani ina imeneyo.

Za ndalama ndinene mosabisa, musayambe kuwerengera malata a nyumba. Ambiri a mizere ndi otsika mtengo, ndipo vuto lake n'loti aliyense angatenge sitampa wamba n'kujambulapo mizere. Ineyo ndinagwa nazo kale, ndinagula atatu pa intaneti, nditawaika pansi pa galasi lokuza ndinaona inki itayenderera m'mbali ngati ya cholembera cha maka. Mizere yeniyeni imakhala yowongoka, yakuda mofanana, ndipo ngati masitampa ali olumikizana imapitirira kuchoka pa ina kulowa pa inzake osaduka.

Apa ndiye pali nkhani yaikulu: musawalekanitse. Ngati ali anayi ogwirana, asiyeni choncho. Ngati ena anamatidwa pa fomu, pa envulopu kapena pa kapepala ka phasulo kokhala ndi chidindo cha sukulu, musanyike m'madzi kuti mumatule. Pepalalo ndiye mboni, ndipo osonkhanitsa amalifuna kuposa sitampa yokhayokha. Funani bwino m'sutikesimo, mwina muli makalata osonyeza amene anawatumizira agogo.

Dzinja lathu lino ndi mdani. Chinyontho chimasungunula ulimbo wakumbuyo masitampa n'kumatirirana, mphemvu zimaunyambita, chiswe ndiye sichisiya kanthu. Achotseni pansi, muwaike m'buku la masitampa kapena mu envulopu youma m'kati mwa chitini chotsekeka, osati m'pulasitiki yotuluka thukuta. Selotepi ayi ndithu, imasiya banga lachikasu losachoka. Mukapeza mpata jambulaninso pafupi masana, kutsogolo ndi kumbuyo, muike pano tiyang'ane mizereyo bwinobwino.