Njinga yoyamba ya liwiro ku England: musathere ndalama zonse pa njinga yokha

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ndipo basi imandidyera mapaundi 90 pamwezi. Ndasunga mapaundi 800 oti ndigulire njinga ya liwiro, ija ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, yoti ndizipitira kuntchito, mtunda wa makilomita 9. Anzanga akundiletsa ati chifukwa nyengo yozizira yayandikira. Kodi ndigule ya ndalama zingati, nanga ndilowe mu ndondomeko ya Cycle to Work, ija yogulira njinga kudzera kwa abwana a kuntchito?

Yankho: Bambo, maganizo anu ndi abwino, ndipo masamu ake akukuvomerezani. Mapaundi 800 ndi ndalama za basi za miyezi pafupifupi 9, koma popeza padzakhala masiku ena amene mudzakwerabe basi, tinene kuti njingayo idzabweza ndalama zake pakatha chaka. Chimene chingasokoneze masamu amenewa ndi chimodzi, ndicho kupita ku sitolo ndi mapaundi 800 n'kukatuluka ndi njinga ya mapaundi 800. Munthu wotero amafika mu November alibe nyali, alibe madigadi, alibe loko, njinga n'kuyamba kugona m'khonde mwini wake atabwerera pa basi, ndipo pamenepo amakhala akulipira kawiri ulendo umodzi. Ine ndikanakhala inu, ndikanaika mapaundi 550 pa njinga, n'kusiya 250 ya zipangizo.

Anzanuwo sakunama kwenikweni. Kuzizira kwa kumeneko sikufanana ndi kwa June ku Dedza, kumene juzi imodzi imakwanira dzuwa likangotuluka. Mawotchi akabwezedwa m'mbuyo Lamlungu lomaliza la October, mdima umayamba msanga, ndipo mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, kutanthauza kuti ulendo wanu wopita ndi wobwera womwe udzakhala wa mumdima. Misewu imakhala yonyowa kwa miyezi, ndiponso makhonsolo amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane. Mchere umenewu ndiwo mdani wa thumba lanu, chifukwa umadya tcheni, magiya ndi zingwe za mabuleki mofulumira kuposa mvula yeniyeniyo.

N'chifukwa chake posankha njinga musayambe ndi kufunsa za kupepuka kwake. Weramani muyang'ane ngati felemu ili ndi timabowo tomangirapo madigadi pafupi ndi pakati pa mawilo, ndiponso ngati pali mpata woti tayala la mamilimita 28 kapena 32 lilowe pamodzi ndi madigadiwo. Njinga zambiri zopangidwira mpikisano zilibe zimenezi, ndipo mwini wake amakakamizika kugula madigadi ongopanikiza amene amakhula tayala ndi kusiya theka la matope likumugwera kumsana. Felemu ya aluminiyamu ndi yokwanira pa ntchito yanu. Ya carbon isiyireni ochita mpikisano, chifukwa pa mtengo wanu mungaipeze yakale yokha, ndipo mng'alu wake suoneka msanga ndi maso. Magiya a kampani ya Shimano a mtundu wa Claris kapena Sora ndi otsika mtengo poyerekeza ndi a mtundu wapamwamba wotchedwa 105, ndipo ubwino wake pa nyengo ya mchere ndi wakuti tcheni ikatha simulira poigula ina. Njinga monga Triban za ku sitolo ya Decathlon kapena Boardman za ku sitolo ya Halfords ndi poyambira pabwino poyerekeza mitengo, koma muzikwere kaye kuti muone ngati msinkhu wake ukukuyenerani, pakuti njinga yaikulu kapena yaing'ono mopyola imapweteketsa msana ndi mawondo ngakhale itagulidwa motchipa chotani.

Pa mapaundi 250 aja, nyali zikhale zoyamba, chifukwa ndi lamulo. Kuyambira dzuwa litalowa mpaka kutuluka, njinga iyenera kukhala ndi nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, chonyezimira chofiira kumbuyo ndi zonyezimira zachikasu pa mapedulo. Gulani nyali zotchajira pa USB, ndipo yakumbuyo mukhale nazo ziwiri, popeza ikazima simuiona. Kenako madigadi aatali, loko wolimba wokhala ndi chizindikiro cha Sold Secure Gold chosonyeza kuti anayesedwa kulimba kwake, chomwe makampani ambiri a inshuwalansi amafuna asanalipire njinga ikabedwa, pampu, machubu awiri ndi mafuta a tcheni a nyengo ya mvula. Matayala obwera ndi njinga yatsopano kawirikawiri amabooka msanga, choncho ngati ndalama yatsalako, sinthani muike osabooka wamba monga Continental Gatorskin. Chipewa choteteza mutu lamulo silikakamiza, komabe muchigule. Pa zovala musawononge zambiri. Magolovesi ofunda, jekete yosalowa madzi yooneka patali ndi zophimba nsapato ndi zokwanira, zinazo muvale zomwe muli nazo kale.

Tsopano za Cycle to Work. Ndondomekoyi inayamba mu 1999, ndipo imayenda motere: abwana anu ndiwo amagula njinga ndi zipangizo zake, inu n'kumabweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro anu msonkho usanadulidwe. Kwa munthu wolipira msonkho wa 20 peresenti ndi National Insurance (ndalama ina imene boma limadula pa malipiro) ya 8 peresenti, katundu wa mapaundi 800 amamutengera pafupifupi mapaundi 576. Koma pali mfundo zitatu zimene ogwira ntchito ngati yanu ayenera kuzimvetsa asanasaine. Lamulo sililola kuti kudula kumeneku kutsitse malipiro anu pansi pa malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma, ndipo popeza ambiri osamalira okalamba amalandira ndalama zoyandikira malire amenewo, abwana akhoza kukukanizani kapena kukulolani ndalama yochepa. Chachiwiri, pa nthawi yonse ya mgwirizano njingayo mumakhala mukuibwereka, ndipo kuti idzakhale yanu pamakhala kandalama kena kolipira pamapeto. Chachitatu, mukasiya ntchito mgwirizano usanathe, ngongole yotsala imadulidwa yonse pa malipiro anu omaliza, popanda phindu la msonkho lija. Ngati mukuganiza zosintha abwana chaka chino, gulani ndi ndalama zanu zomwe mwasungazo.

Njinga yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukupulumutsirani ndalama zambiri, makamaka m'miyezi imene anthu akutaya mtima ndi kuzizira. Dziwani kokha kuti mukagula kwa wamalonda, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limakupatsani masiku 30 obweza katundu wowonongeka, pamene mukagula kwa munthu wamba pa masamba a malonda a pa intaneti monga Facebook Marketplace kapena Gumtree chitetezo chanu chimachepa kwambiri. Funsani nambala ya felemu, muifufuze pa BikeRegister, kaundula wa njinga wa pa intaneti, ngati sinalembedwe kuti inabedwa, ndipo wogulitsa akakana kuipereka, musiyeni ndi njinga yake.

M'bajeti yanu ya mwezi musafufutiretu basi. Siyanimo mapaundi 20 kapena 25 kuyambira December mpaka February, chifukwa m'mawa umene msewu waundana tayala lopyapyala siligwira pansi, ndipo kuthyoka mkono kwa munthu amene ntchito yake ndi yonyamula ndi kusambitsa okalamba kumatanthauza masabata angapo osalandira malipiro athunthu.