Kuyenda wapansi m'midzi, m'nkhalango ndi m'minda

Achimwene, mwafunsa kuti munthu amene sanazolowere kuyenda wapansi ayambe ndi mtunda wautali bwanji, komanso ngati n'kololeka kudutsa m'minda ya eni ake.

Yambani ndi makilomita 4 kapena 5. Pamalo athyathyathya munthu wamkulu amatha mtunda umenewu pafupifupi mu ola limodzi, koma pokwera zitunda kapena m'matope mumachedwa, ndiye dzipatseni nthawi yokwanira. Mukamatero katatu pa sabata, mwapitirira kale mphindi 150 zolimbitsa thupi pa sabata zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu.

Nkhani ya minda ndi imene ndimaiona yaikulu. Munda ndi thukuta la munthu. Tsatirani kanjira kamene kalipo kale kapena dzerani m'mphepete, osaponda mizere ndi mbewu zongomera kumene, ndipo musathyole kanthu ngakhale kaoneke kakang'ono. Mukakumana ndi mwini wake, mupatseni moni n'kupempha njira. Nthawi zambiri amakulozerani njira yachidule imene mapu a pafoni saidziwa n'komwe. Chipata cha ziweto chisiyeni mmene mwachipezera. Ng'ombe imene ili ndi mwana ilambalaleni patali, makamaka ngati muli ndi galu, chifukwa imalusa.

M'nkhalango valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali poopa minga, njoka ndi nkhupakupa, ndipo mukafika kunyumba dziyang'aneni m'miyendo. Kukayamba ziphaliwali musabisale pansi pa mtengo woima wokha. Ine ndimakonda kunyamuka dzuwa lisanawawe, nditatenga botolo la madzi, nditauzanso wina kumene ndikulowera ndi nthawi imene ndibwere.