Botolo la amalume anu mulinji?

Mayi wina wandilembera kuti amalume ake amaphika mankhwala azitsamba n'kumagulitsa m'mabotolo padepoti. Akufunsa ngati pamafunika chilolezo, popeza mizu inamera yokha, sinadzalidwe ndi boma.

Mayi, mwandikumbutsa maliro. Msuweni wanga, ali ndi pakati poyamba, anamwetsedwa mwanamphepo kuti matenda ayambe msanga. Anayambadi, mwamphamvu kuposa momwe thupi likanapirira. Pofika kuchipatala chiberekero chinali chitang'ambika. Iye anapulumuka, mwana tinakaika m'mawa mwake. Amene anamupatsa mankhwalawo sanali mfiti, anali mayi womukonda. Mulingo wake unali "kapu", koma ya kukula bwanji? Mizu yowira nthawi yaitali bwanji?

Musaganize kuti ndimanyoza zitsamba. Agogo anga ankatiphikira nimu, ndipo mpaka lero chammwamba sichisowa pakhomo panga. Ngakhale LA amene timalandira kuchipatala tikadwala malungo gwero lake ndi chitsamba cha Artemisia, ndipo Tu Youyou wa ku China analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi. Chitsambacho anachiyeza, napeza chomwe chimapha tizilombo ndi mulingo woyenera. Zathuzi bwanji tizingoti "zimathandiza" osaziyeza?

Komanso agogo ankadziwa wodwala wawo ndi dzina, zikavuta ankawapeza pakhomo. Wa padepoti mawa ali boma lina. Botolo lake limodzi akuti limachiza shuga, BP, kusabereka ndi khansa, ndiye munthu amasiya ma ARV. Akuluakulu akukumbukira 1995, pamene khwimbi la anthu linakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe poyembekeza kuchira Edzi. Edziyo sinathe. Ine ndikuti aliyense wothira mankhwala m'botolo n'kuikapo mtengo asamabisale kumbuyo kwa makolo. Walowa malonda, ndipo lamulo limugwire monga limagwirira wa famase. Zoti "chinsinsi cha mizimu" sindizimva pamene chikulowa m'chiwindi cha mwana wa mwini.

Tsono amalumewo apite ku PMRA ku Lilongwe, bungwe loyang'anira mankhwala lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, akafunse ndondomeko yake asanapitirize kugulitsa kapena kulengeza pawailesi. Pabotolo alembe dzina la mtengo, mulingo, tsiku lophika, ndi kuti amayi oyembekezera asamwe. Wogula amene ali pa mankhwala akuchipatala amuuze kuti asawasiye, ndipo akadziwitse adokotala zomwe akumwa.